Miyala ya M'dimba la aNambewe

Pa 14 Ogasiti 1979, Lachiwiri, anthu a m'mudzi wa Kamphanje, kufupi ndi Mitundu, analowa m'dimba la mayi Esitere Nambewe eni ake kulibe, nanyamula miyala yonse imene inali m'mabedi a ndiwo. Anapita nayo kumsewu, naipaka laimu, naindandalika m'mbali mwa msewuwo pamodzi ndi ina, chifukwa mlendo wamkulu wochokera kuboma ankayembekezeka kudutsa pamenepo. Amene analamula zimenezi ndi a Pitala Kamgwira, omwe panthawiyo anali tcheyamani wa nthambi ya chipani m'deralo. Tsikulo aNambewe anali ku Nathenje, kumaliro a mlamu wawo.

Alipo amene amati miyala ndi miyala basi, palibe mlandu pamenepa. Akhala akunena choncho zaka zonsezi. Ndiye nkhaniyi iyambe poyambira pake, kuti aliyense aone yekha chimene chinanyamulidwa tsiku limenelo.

ANambewe anabadwira m'mudzi momwemo. Sukulu anangoilawa, chifukwa mayi awo atabereka mwana wamwamuna, Francis, anafunika mlezi, ndipo msana umene unapezeka pafupi unali wa Esitere. Anakulira m'dimba la mayi awo, kumunsi kwa mudzi, m'mphepete mwa dambo. Dimbalo linali ndi chitsime chosauma ngakhale mu Okutobala, pamene zitsime za anzawo zinkasanduka matope. Mayi awo atamwalira, dimbalo linatsalira iwo, monga mwa mwambo wa kuno, ndipo panalibe wotsutsa.

Anakwatiwa ndi a Jeremiah, a ku Nathenje, amene anadzakhala chikamwini. A Jeremiah anali munthu wa utoto. Ankapaka ngolo zatsopano pa Mitundu, zitseko za magolosale, ndi mayina a masitolo pamwamba pa makonde. Ana amene anabereka sanakule. Anatsala awiriwiri, mwamuna ndi zitini zake, mkazi ndi khasu lake, ndipo anthu ankati nyumba ya awiri amenewa imachita phokoso kuposa nyumba ya ana khumi, chifukwa sankatha kukhala osanyogodolana.

Maso a aNambewe anayamba kufooka asanakalambe. Poyamba ankalephera kulowetsa ulusi pasingano, kenako nkhope za anthu zinayamba kuoneka ngati zili kuseri kwa utsi. A Jeremiah anawakweza panjinga mpaka ku Nkhoma. Kumeneko anawalandira bwino, nawauza zoona, kuti si ng'ala yochotsa ayi, nthendayo ili m'kati mwa diso, ndipo idzapitirira pang'onopang'ono. Chimene chinawatsalira ndi mitundu yowala. Chinthu chofiira kapena chachikasu ankachiona chili patali, ngakhale sankadziwa kuti n'chiyani.

Mbewu yaikulu ankaidziwa ndi manja. Tsamba la mpiru ndi la repu sankalisokoneza. Vuto linali pa bedi longofesedwa kumene, ndi pa timbande tongotuluka m'nthaka. Tsiku lina anapalira bedi lonse la anyezi, kuzula kambande kalikonse, akuyesa kuti ndi udzu. Atanunkhiza zala zawo m'pamene anadziwa chimene achita. Anakhala pansi pamzere, osalira, koma osadzukanso mpaka dzuwa linafika pamutu.

Madzulo ake mlongo wawo Francis, amene tsopano anali mwini mbumba, anabwera kudzakhala pakhonde.

"Alongo, dimba lija likufuna munthu wamaso," anatero. "Mwagwira ntchito, pumani. Ine ndiikamo nazale ya fodya, ndiwo tizikupatsani."

"Ndiwo muzindipatsa ngati ndine mlendo?"

"Ine ndikungoona m'tsogolo."

"Inu muzionako m'tsogolomo. Ine ndikadali pano."

A Jeremiah anali pomwepo, akutsuka burashi m'palafini. Mkamwini alibe mawu pa malo a eni mudzi. M'mawa mwake anatenga njinga ndi thumba, nalowera ku Nathenje. Kuno kwathu nthaka ndi katondo wokhawokha, ukhoza kulima munda wonse osagunda mwala. Koma kwawoko ankadziwa pamene mtsinje unasiya miyala yosalala, yaikulu ngati dzungu laling'ono. Anayenda maulendo ambiri, akukankha njinga pokwera zitunda, anthu akuwafunsa ngati akufuna kumanga tchalitchi.

Miyalayo anaitsuka ndi mchenga, naiyanika padzuwa mpaka itauma gwa, chifukwa utoto sugwira pamwala wa chinyezi. Kenako anatulutsa zitini za utoto wamafuta wotsala kuntchito, nathiramo palafini pang'ono kuti usungunuke. Anapaka mwala woyamba nauika patali, pansi pa mtengo wa mango.

"Uwo mukuuona, aNambewe?"

"Ndikuona chinthu chofiira. Kaya ndi mwala, kaya ndi mphuno yanu."

"Mphuno yanga inafiira liti?"

"Loweruka lililonse mukamachokera ku Mitundu."

"Chabwino. Wofiirawo ndi wa matimati. Wachikasu uwu ndi wa mpiru, mukumbukire maluwa ake. Wabuluu ndi wa anyezi."

"Anyezi wabuluu munamuonapo kuti?"

"Mwini golosale ankafuna zitseko zabuluu, utoto wotsala ndi womwewu. Anyezi wanu avala zimene zilipo, ngati mwamuna wanu."

Anapakanso ina yobiriwira, kuti ikhale ya repu, nanyadira kwambiri nzeru imeneyo. Itafika m'dimba inasowa pakati pa masamba, moti aNambewe anapunthwa pa umodzi, nagwa ndi ndowa yamadzi. A Jeremiah anaibweza kunyumba yonse, naipakanso wofiira mbali ina, wachikasu mbali ina, ndipo nkhani ya miyala yobiriwira sanaloledwe kuiiwala mpaka imfa yawo. Mwala wofunika kuposa yonse unali wakuda wa mizere yoyera. Umenewu unkaikidwa pa bedi longofesedwa, ndipo tanthauzo lake linali lakuti apa thirirani pang'onopang'ono, musapalire, musaponde.

Kuyambira pamenepo aNambewe akaima pachipata cha dimba ankadziwa chilichonse pamene chili. Bedi lililonse linali ndi mwala kumutu ndi wina kumapazi. Akasintha mbewu, ankasuntha ndi miyala yomwe. Sanazulenso mbande. Francis atabwera kudzaona, anayenda m'mizere manja ali kumbuyo, nanena kuti zaoneka bwino, ndipo nkhani ya nazale ya fodya anaisiya.

A Jeremiah anamwalira mu 1974, ndi chifuwa. Ambiri ankayesa kuti miyala ija izimiririka ndi mwini wake, koma mvula itatha aNambewe anaituta okha kupita nayo pansi pa mango, naitsuka, naiyanika. Burashi ya amuna awo itatha ubweya, ankatafuna nsonga ya kamtengo mpaka ifewe, n'kumapakira. Kuti adziwe mtundu wa utoto ankabweretsa chitini pafupi ndi diso, moti nthawi zambiri ankapezeka ndi dontho pamphuno. Opaka ngolo a pa Mitundu, amene ankawadziwa a Jeremiah, ankawasungira zitini zotsala. Mayi Masozi, a dimba loyandikana nalo, anapempha kuti awapakire iwiri, osati chifukwa cha maso, koma poti inkakongola.

Mpiru wa aNambewe unkatha msanga pamsika. A Pitala Kamgwira enieniwo ankatsikira kudimbako kukagula, ndipo tsiku lina anafunsa tanthauzo la mwala wakuda uja, nauzidwa, naseka, nati nzeru zimenezi n'zofunika kuzionetsa kwa alangizi. Mfundo imeneyi isaiwalike. Munthu amene analamula kuti miyalayo inyamulidwe ankadziwa ntchito yake.

Masiku amenewo kukamabwera mlendo wamkulu, msewu unkasesedwa ngati bwalo la nyumba, mitengo inkapakidwa laimu m'munsi, ndipo m'mbali monse munkaikidwa miyala yoyera. Mudzi uliwonse unkapatsidwa chigawo chake. Midzi ina inatumiza ngolo kutali kukatenga miyala. A Pitala anachedwa kukonzekera, ndipo tsiku litayandikira anakumbukira kuti kumunsi kwa mudzi wawo kuli miyala yosalala, yofanana msinkhu, yotsukatsuka kale.

ANambewe anabwerako kumaliro Lachinayi. Asanalowe m'nyumba anatsikira kudimba, chifukwa asanachoke anali atafesa mabedi angapo, ndipo ankafuna kuona ngati Masozi anathirira monga anapangana. Ataima pachipata sanaone kanthu. Panali chobiriwira chimodzi chachikulu, chosayamba pena, chosathera pena. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Chimene chinawafikira poyamba ndi mantha akuti tsiku lija ananena a ku Nkhoma lafika. Anayang'ana chitenje chawo, naona maluwa ake achikasu ali pomwepo. Ndiye anagwada, napapasa kumutu kwa bedi loyamba, napeza kadzenje kozizira pamene pankakhala mwala.

"Anatenga, aNambewe," anatero Masozi ali kuseri kwa mpanda. "Ndi yanga iwiri ija yomwe. Ndinati dikirani eni ake, atcheyamani anandifunsa ngati ndili ndi khadi la chipani."

"Ananyamula ndani?"

"Tonse. Nanenso ndinasenza."

ANambewe anakawapeza a Pitala pakhomo pawo akumeta ndevu.

"Atcheyamani, ndabwerera miyala yanga."

"Mayi, mukhale onyada. Miyala yanu ndiyo yakongoletsa chigawo chathu. Mlendo akadutsa tiona."

"Mbewu zanga sizidikira mlendo."

"Chilichonse chimadikira mlendo, mayi."

Mlendoyo anadutsa Loweruka, magalimoto ali pa liwiro, magalasi otseka. Fumbi litatsika anthu anabwerera kwawo mawu atasasa ndi kuimba. Lolemba aNambewe anapitanso. Ulendo uno a Pitala anawauza kuti miyalayo tsopano ndi ya msewu, kuti mlendo wina akhoza kubwera nthawi iliyonse, ndiponso kuti wochotsapo ngakhale umodzi adzafotokoza yekha chimene akudana nacho.

Amene amafunsa kuti bwanji sanakatenge ina sanasenzepo mwala kuchokera ku Nathenje, ndipo sanayendepo ulendowo ndi maso oona utsi. ANambewe anayesa kuzika timitengo, osationa. Anamangirira tinsanza, mphepo n'kutizunguza, dzuwa n'kutifwifwitsa. Mkati mwa sabata imeneyo anaponda bedi la matimati longomera, ndipo Francis, amene anayambanso kutsikira kudimbako kawirikawiri, anaima pambali pake akuliyang'ana. ANambewe ankadziwa chimene kuyang'ana kumeneko kukutanthauza. Akalephera chaka chimenecho, dimba lapita.

Anakumbukira kuti a Jeremiah ankadana ndi eni masitolo opaka laimu pamwamba pa utoto wamafuta. Ankati laimu sagwira pamenepo, amangokhalapo ngati ufa. Ndiye m'mawa wina, dzuwa litatuluka, anthu akupita kumsika, anasenza ndowa yamadzi ndi chisanza, napita kumsewu. Sanabisale, chifukwa sankaona chobisalira. Ankagwada pa mwala uliwonse n'kuupapasa. Ukakhala wokhakhala, ankaupitirira. Ukakhala wosalala, ankaunyowetsa n'kupukuta. Woyamba unatuluka wofiira. Anauika pambali, naupukutanso ngakhale unali utayera kale. Wachiwiri unali wachikasu. Anali atagwira wa mizere uja pamene anyamata awiri a chipani anawagwira mikono.

Anawakhazika pansi pa mtengo wa kachere, pamene pankachitikira misonkhano, ndowa yawo ili patsogolo ngati umboni. Mudzi wonse unasonkhana. A Pitala anayankhula nthawi yaitali. Anati mayiyu wapezeka akufufuta ulemu umene mudzi unapereka kwa mlendo, masana, pamsewu, pamene pamadutsa anthu a midzi ina. Anati nkhani yotere siingathere pamudzi, iyenera kupita kumtunda, kwa akuluakulu a chipani. Aliyense wokhala pamenepo ankadziwa munthu mmodzi kapena awiri amene nkhani yawo inapita kumtunda, ndipo ankadziwa mmene mabanja awo anatsalira.

Francis anaimirira chipewa chili m'manja.

"Atcheyamani, pepani. Alongo angawa mutu sukuyenda bwino. Chimwalirireni alamu anga, amayankhula ndi miyala. Amaisambitsa ngati ana. Ife kubanja timabisa chifukwa cha manyazi."

Kenako mayi wina kumbuyo anati n'zoona, anawaonapo ali ndi utoto pamphuno. Wina anaseka, ena n'kutsatira. Kunali kuseka kwa anthu amene aona khomo lotulukira.

"Mayi," anatero a Pitala, mawu atatsika, "kumsewu kuja mumatani?"

ANambewe anatsegula pakamwa. Yankho linali lalifupi, ndipo aliyense pamenepo ankalidziwa. Koma dzanja la Francis linali paphewa pawo, zala zikukanikiza fupa. Anaona kuti akanena zoona atengedwa, ndipo mlongo wawo atengedwa nawo chifukwa chonamiza msonkhano. Ameneyu ndi mwana amene anam'bereka kumsana mpaka msana unachita zipsera. Anatseka pakamwa, nayang'ana pansi.

"Ngati ndi matenda, si mlandu," anatero a Pitala, ndipo nawonso anaoneka kuti apepukidwa. "Koma muwasamale. Asamayendeyende."

Miyala itatu ija anaibweza kumsewu tsiku lomwelo, naipakanso laimu.

Madzulo Francis anabwera pakhonde. ANambewe anamuthokoza, chifukwa ankadziwa kuti wawapulumutsa. Ananena kuti mawa alawirira kudimba, matimati akufuna kuwokera.

"Kumeneko ndiye ayi, alongo. Akakuonani mukulima bwinobwino, mukugulitsa pamsika, adzati tinanama. Tithera limodzi."

"Ndiye mbewu zanga?"

"Ndiziyang'anira ine."

"Mpaka liti?"

"Mpaka ziiwalike."

Mwezi usanathe m'dimbamo munali nazale ya fodya. Chitsime chosauma chija n'chimene mlimi aliyense wa fodya amalota mu Seputembala. Mvula yoyamba itagwa inatsuka laimu yense kumsewu, ndipo miyala yofiira, yachikasu ndi yabuluu inaonekera poyera, anthu a midzi yonse akuona. Mvulayo palibe anaiitanira pansi pa kachere. Chaka chotsatira galimoto yokonza msewu inakankhira miyala yonse m'ngalande, niikwirira.

Tisamunamizire Francis. Tsiku la msonkhano lija mantha ake anali enieni, ndipo bodza lake linasunga moyo. Koma bodza lonenedwa kuti lipulumutse munthu tsiku limodzi linasungidwa zaka, chifukwa linkabala fodya. Chaka chilichonse mvula ikatha, nthawi imene ankatsuka miyala yawo, aNambewe ankamufunsa ngati zaiwalika. Iye ankati adikire pang'ono, atcheyamani akadali omwewo. A Pitala atasiya utcheyamani, anati adikire aone kaye mtima wa watsopanoyo.

Dzina la wamisala linawakakamira. Ana ankathawa akawaona pachitsime. Amayi amene ankalimbirana mpiru wawo ankatsitsa mawu podutsa pakhomo pawo. Iwo ankakhala pakhonde kusenda mtedza wa anthu ena, ndi kupota zingwe zomangira fodya wa mlongo wawo. Masozi yekha ndiye ankabwera kudzakhala nawo, atatenga ndiwo m'kambale. ANambewe ankagwira tsamba, kulipinda, n'kunena kuti ili lamwa madzi ochepa, kapena kuti bedi lake lili pamthunzi.

"Wamisala wake ameneyu," Masozi ankatero, "wodziwa mthunzi wa m'dimba la eni."

"Musanene mokweza, angakumveni. Muthera nane limodzi."

Tsiku lina, maso atatsala pang'ono kutheratu, anapempha Masozi kuti awaperekeze kudimba kuja. Anafika pachipata. Mkamwini wa Francis, amene ankathirira nazale, anawauza mwaulemu kuti analangizidwa kuti asamawalole kuyandikira chitsime, angagweremo. ANambewe anamufunsa ngati madzi akadali ozizira ngati kale. Iye anatunga pang'ono m'chitini nawapatsa. Anamwa, nathokoza, nabwerera. Anamwalira mu Juni 1986. Pamaliro, woyankhula m'malo mwa banja anati malemuwa anavutika nthawi yaitali ndi matenda a mutu, ndipo abale anawasamala mopirira. Anthu anavomera ndi mitu.

Nthawi ya mantha ija inatha kalekale. Palibenso amene angatengedwe chifukwa chotsuka mwala. A Pitala Kamgwira ali moyo, amakhala pakhonde pawo ndi ndodo, ndipo amakonda kufotokozera achinyamata mmene msewu unkakongolera kale. A Francis ali moyo, ndipo fodya wa banja lawo amamera m'dimba lomwelo. Onse awiri akhala ndi mwayi wokonza mawu amodzi amene ananenedwa pansi pa kachere, ndipo sanatero. M'mudzi wa Kamphanje muli anthu akuluakulu, a ana awo, amene akamva dzina la Esitere Nambewe amati, "Wamisala uja."

Choncho afunsidwe pamaso pa anthu, pamalo pomwe paja, mudzi utasonkhana ngati tsiku lija. A Pitala anene ngati sankadziwa ntchito ya miyala imene analamula kuti inyamulidwe. A Francis anene chaka chimene zinaiwalika, ndi chifukwa chimene sanawauzire alongo awo. Ndipo onse awiri ayankhe funso limodzi, momveka, kuti ndi ana omwe amve: kodi aNambewe anali amisala, kapena ayi?